Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu amanena mwambiwu pokumbutsa mwini vuto kuti asadikire ena amuyambire, koma tisaiwale kuti chitseko chimene akunenacho n'cha usiku, pakuti masana chimakhala chotsekula kale. Zambiri zogwa pakhomo zimabwera usiku womwewo. Mwana amene amasewera bwinobwino dzuwa likuswa mtengo amatentha thupi nkhuku zitalowa. Mayi wapakati amayamba kutaya magazi mudzi wonse uli m'tulo. Agogo amadzuka kuti akataye madzi, n'kugwa pakhomo pakamwa patapotoka. Pa ola lotere palibe dokotala, palibe mfumu, ndipo kawirikawiri mwini nyumba naye palibe. Pali amene alipoyo basi, kaya ndi mtsikana wa Sitandade 7, kaya ndi mpongozi amene wangolowa m'banjamo chaka chatha. Moyo wa wodwala uli m'manja mwa ameneyo. Nanga ife tidamuphunzitsa kutsekula chitseko, kapena tidamuphunzitsa kudikira?

Ife tidakula mfuu ili ndi ntchito. Munthu akakuwa usiku, amuna ankatuluka ndi zibonga, amayi ndi miyuni ya udzu, osayamba afunsa kuti kwagwanji. Zikapezeka kuti ndi fisi wangodutsa kukhola, onse ankabwerera kukagona popanda wodandaula. Lero tamanga mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo, ndipo munthu amaopa kugogoda kwa mnansi pakati pa usiku kuti angamuyese wosokoneza, mwinanso chifukwa adakangana dzana pa nkhani ya nkhuku zolowa m'dimba. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mnansi amene mwamudzutsa pachabe adzang'ung'udza mpaka m'mawa, kenako adzaiwala. Koma amene simunamudzutse, iye ali ndi galimoto kapena njinga yamoto pakhomo, adzakufunsani pasiwa kuti bwanji simunanene, ndipo mudzasowa choyankha.

Komabe manyazi ndi ochepa poyerekeza ndi chinthu china chimene ife akuluakulu tidachidzala tokha, ndicho kudikira eni ake. Mwambo wathu umati matenda akagwa auzidwe ankhoswe, amve amalume, pakuti ndiwo eni mbumba. Mwambowu ndi wabwino ndipo sindikuunyoza. Umagwira ukwati kuti usagwe, umaonetsetsa kuti mayi asasenze yekha zolemera. Koma udakonzedwa pamene amalume ankakhala kuseri kwa nkhokwe, poti mwana akathamanga awapeza. Lero bambo ali ku Joni, amalume ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, foni yawo sikupezeka. Mayi amakhala pamphasa mwana ali pamiyendo, akudziwa mumtima kuti pano sipali bwino, koma akuopa funso limodzi: zikakavuta kumeneko, adzati adakutuma ndani? Ndiye amati tione kaye kukacha. Mawu akuti "tione kaye" ndawamva kambirimbiri pamaliro a ana, akunenedwa ndi misozi. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Malungo sadziwa ankhoswe. Mwana wamng'ono amene malungo amukulira akhoza kutisiya pasanathe tsiku limodzi. Zizindikiro zake n'zoti aliyense pakhomo azidziwe pamtima, ngakhale ana asukulu. Mwana akakana bere kapena kulephera kumwa, akamasanza chilichonse chimene wamwa, akafooka mpaka osadzuka pomugwedeza, akakomoka kapena kuphiriphitha, palibenso za kukacha. Chimodzimodzi akamapuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, chifukwa chimenecho ndi chibayo, kapena zikhatho ndi m'maso zikayera, chifukwa magazi achepa. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi, ulendo wa kuchipatala wakwana pomwepo. M'midzi yakutali alangizi a zaumoyo amakhala ndi zoyezera malungo ndi mankhwala a LA, amene boma lidayamba kupereka mu 2007 m'malo mwa Fansidar, ndipo kwa mwana wolephera kumeza pali mankhwala oika kumbuyo omugwiriziza panjira. Koma n'ogwiriziza chabe, mwanayo afikebe kuchipatala. Malungo adatenga ana ochuluka kwathu kuno, mwakuti muyeso umene madokotala a m'maiko ambiri amayesera kukomoka kwa mwana wa malungo umatchedwa ndi dzina la Blantyre, chifukwa udakonzedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Mwana akamaphiriphitha, manja a anthu omukonda amachita zambiri zomuvulaza. Wina amukanikiza supuni pakamwa kuti asalume lilime, wina amufukiza utsi wa sanza, wina amuthira madzi m'kamwa iye asakudziwa kanthu. Supuni imathyola mano, ndipo madzi othira munthu wokomoka amalowa m'mapapo. Chofunika n'chochepa: mugonekeni chammbali pamalo popanda moto kapena chomubaya, mumasuleni zovala, pakamwa pakhale popanda kanthu, wina akhale akuthamangira kabaza.

Apa mpamene miyambi iwiri imaoneka ngati ikukangana. Wina akuti pakadafunda padajiwitsa galu, wina akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimati yonse ndi yoona, kungoti umodzi ukulankhula ndi miyendo, wina ukulankhula ndi manja. Miyendo ifulumire kukaitana thandizo, manja adekhe kuti asawonjeze bala pa bala. Ife timachita mosemphanitsa. Miyendo imakhala pansi kudikira m'mawa, manja ali jijirijijiri kupaka ichi, kumwetsa icho.

Taonani za kupsa. Miyezi ya June ndi July, kukazizira, ana amaunjikana pamoto, ndipo zipinda za opsa ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central zimalandira ana ambiri opsa ndi phala, madzi a tiyi, nyemba zowira ndi moto wa pamafuwa. Mwana akapsa, mudzi wonse umasanduka madokotala. Uyu abwera ndi dzira, uyo ndi Colgate, wina mafuta ophikira, wina ufa. Onsewa ndi achifundo, koma zimene akupakazo zimatsekera kutentha m'thupi ndi kulowetsa litsiro pabala, ndipo anamwino akamadzazichotsa mwana amalira kachiwiri. Mankhwala oyamba a kupsa ali mumtsuko. Thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo mosalekeza kwa mphindi 20, thupi lina lonse mutalifunditsa kuti mwana asazizidwe. Chotsani mphete, zibangili ndi chovala chimene sichinamatirire, malowo asanatupe. Chomatirira chisiyeni, matuza musawaboole. Mukatero phimbani ndi nsalu yochapa bwino. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, kapena la kumaso, m'manja, molumikizira mafupa ndi kumalo obisika, n'la kuchipatala, ndipo kwa mwana wamng'ono musayese n'komwe kuliweruza nokha. Zovala zikayaka munthu asathamange, poti mphepo imakoleza moto. Mugwetseni pansi, mukulungeni ndi bulangete.

Pali chinthu chimodzi pa nkhani ya moto chimene chimandiwawa mtima kwambiri. Ambiri mwa akuluakulu opsa koopsa ndi odwala khunyu amene adagwera pamoto, anthu ali pomwepo. Amangoima n'kumayang'ana, chifukwa adauzidwa kuti ukakhudza thovu la munthu wakhunyu nawe udzayamba kugwa. Limeneli ndi bodza, ndipo laumitsa manja ndi nkhope za abale athu ambiri. Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo, sipatsirana ndi malovu, thukuta kapena mpweya, ndipo kuchipatala kuli mankhwala oichepetsa. Makolo omwewo amene timawanamizira kuti adatiletsa ndi amene adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Sadanene kuti uyambe wafunsa chimene akudwala.

Za poizoni ndinene mwachidule, ngakhale n'zazikulu. Parafini timasunga m'botolo la Fanta kapena la Sobo pansi pa bedi, ndipo mwana woyenda chokwawa sadziwa kusiyanitsa. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, ndipo pano wamkuluyo ndi amene adathira parafini m'botolo la chakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse ndi chala kapena madzi amchere. Parafini akamabwerera kukhosi amalowa m'mapapo, ndipo kumeneko ndiye amapha. Musamumwetse mafuta kapena mkaka poganiza kuti mukusukulutsa. Nyamukani naye. Akakhala tameki wa makoswe, mankhwala othira m'chimanga kapena opopera thonje ndi tomato, nyamulani botolo kapena pepala lake, chifukwa dokotala akadziwa dzina la poizoni sataya nthawi. Zovala zothirikira mankhwala zivulidwe, khungu litsukidwe ndi madzi ambiri.

Njoka nayo ili ndi madokotala ake a m'mudzi. Amatema pabala ndi lezala, amayamwa, amamanga mwendo ndi mphira mpaka kuda bii. Ululu wa mphiri umaononga mnofu pamene yalumapo, ndipo kumanga kolimbako kumangothandiza mwendo kuola, mwakuti ena adadulidwa mwendo chifukwa cha mphira, osati chifukwa cha njoka. Wolumidwa agone, asayende, mwendowo usagwedezeke, amuvule nsapato ndi chilichonse chothina, anyamulidwe pa machira, pa ngolo kapena pa njinga. Anyamata asataye nthawi kusaka njoka m'tchire. Ikakhala yolavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Galu akaluma, ngakhale kabala kakhale kakang'ono, tsukani ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo mukafunse katemera wa chiwewe. Chiwewe chikangoonekera m'thupi la munthu, sichibwerera. Ndicho chifukwa chake kuyambira 2015 a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera mu Blantyre chaka ndi chaka.

A m'tauni musaganize kuti izi n'za kumudzi kokha. Mbaula yolowetsa m'nyumba usiku wozizira, mazenera atatsekedwa, imatulutsa mpweya wosanunkha umene umagonetsa banja lonse osadzukanso. Mukayamba kumva mutu ndi chizungulire nonse pamodzi, tsekulani zitseko mutuluke. Gasi akanunkha kukhitchini, musayatse machesi, musakhudze switchi ya getsi, tsekani botolo la gasi ndi kutsekula mazenera. Mafuta akayaka mupoto, vundikirani ndi chivundikiro, madzi amangomwaza motowo. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja, thimitsani switchi yaikulu ya pa mita, kapena mukankheni ndi mtengo wouma. Ndipo nyumba ikayaka, tulutsani anthu, werengani ana, itanani ozimitsa moto. Wobwerera m'nyumba kukatenga TV kapena ziphaso ndi amene timakamuika.

Tsopano ndifike pa nkhani imene anzanga a msinkhu wanga safuna kuimva. Munthu wamkulu akagwa mwadzidzidzi, nkhope yapendekera mbali imodzi, mkono walefuka, mawu akutuluka ngati woledzera, kumudzi timathamangira kunena kuti amumenya hamala. Tikatero tayamba kale kusaka mfiti, ndipo kawirikawiri mfitiyo imakhala nkhalamba ina yosauka ya m'mudzi momwemo. Chonsecho chimene chachitika ndi sitiroko: mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, makamaka chifukwa cha bipi imene munthuyo sadayezetse, kapena adasiya kumwa mankhwala ake atamva bwino. Ola lililonse lodikira likuwonjezera ziwalo zimene sizidzadzukanso. Musamumwetse phala kapena madzi, poti kumeza kumakhala kutasokonekera. Mugonekeni chammbali, mupite naye. Chimodzimodzi munthu womva kupanikizika pachifuwa, thukuta lili kamukamu, mpweya ukumuthawa.

Ndikudziwa kuti ena adzati tiyambe kwa asing'anga, ena adzati tiitane abusa. Ine ndine munthu wopemphera, ndipo sindinganene kuti pemphero lilibe ntchito. Koma Mulungu amamva pemphero la pa njinga ya kabaza monga amamvera la m'chipinda. Abusa abwino ndi amene amati tiyeni, ndipemphera tikuyenda. Chimene chimatipweteka n'kuyendayenda: lero kwa asing'anga, mawa kumapemphero a kuphiri, mkuja kuchipatala munthu atatheratu, kenako timati kuchipatala n'kumene adakafera. Mapanga awiri avumbwitsa.

Pa amayi apakati dziko lathu lidaphunzira movutika. Mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa kumudzi, ndipo mafumu ena, monga a Kwataine ku Ntcheu, adaika malamulo a m'mudzi oti mayi aliyense akachilire kuchipatala. Zipatala zambiri tsopano zili ndi chidikiro, kumene mayi wochokera kutali amakakhala masiku ake akayandikira. Komabe mpaka lero alipo amayi amene amabisa kuti matenda ayamba, chifukwa adalangizidwa kuti mkazi wolimba sathamangira kuchipatala, ndipo alipo apongozi amene amamwetsa mwanamphepo kuti zifulumire. Mankhwala amenewa amakoka chiberekero mopitirira muyeso mpaka kung'ambika. Mayi wapakati akataya magazi, akamva mutu waukulu maso akuchita chidima, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka, nsupa ikasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba, palibe mlandu wokambirana pabwalo. Mayi wotaya magazi atachira akhoza kutha m'maola awiri okha. Madzi akatayika saoleka. Anamkungwi athu, amene mawu awo amamveka kuposa a wailesi, ndiwo ayenera kuika zimenezi m'malangizo a chisamba.

Kutsekula m'mimba timakupeputsa chifukwa tidakuzolowera. Liwombo la mwana likalowa timati ndi nthenda ya liwombo, n'kupakapo mankhwala akuda, pamene chalowetsa liwombolo ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mwana wotere maso amalowa, akalira misozi situluka, khungu ukalitsina silibwerera msanga. Kolera imene idayamba ku Machinga mu March 2022 idafalikira m'maboma onse ndipo idapha anthu oposa 1,700, ambiri chifukwa chofika mochedwa, pamene nthendayi imachizika ndi madzi. Munthu akayamba kutsekula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ikasowa, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita yomweyo. Azimwa pang'onopang'ono ali panjira, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa.

Wina adzati agogo, mukulankhula ngati chipatala chili kuseri kwa nyumba. Ndikudziwa kuti sichili pafupi. Ndikudziwa midzi imene mtsinje ukadzaza palibe wowoloka, ndikudziwa za kuimbira ambulansi n'kuuzidwa kuti mafuta palibe, za kufika usiku n'kupeza namwino mmodzi akuthandiza anthu odzaza khonde, za kulemberedwa mankhwala oti ukagule wekha m'thumba mulibe kanthu. Zimenezi n'zoona, ndipo amene tidawasankha ayenera kufunsidwa za izo mosaopa. Koma kutalika kwa njira ndiye chifukwa chonyamukira msanga. Amene chipatala chili pafupi akhoza kuchedwa ola limodzi n'kupulumuka. Wa kutali alibe ola loti ataye.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Zambiri zimene zimatichedwetsa usiku n'zoti zikadakonzedwa masana. Pakhomo pakhale nambala za foni zolembedwa pakhoma kapena kuseri kwa kalendala, osati m'foni ya bambo yokha imene amayenda nayo: ya mlangizi wa zaumoyo, ya wakabaza wodalirika amene amadzuka usiku, ya mnansi wa galimoto, ya chipatala chapafupi, ya polisi. Palinso Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo chidafalikira dziko lonse, kumene munthu amaimba mwaulere n'kulankhula ndi azaumoyo. Ukakayika ngati nkhani ndi yodikira kapena yonyamuka, safunsa adadya phula. Foni igone ndi moto ndi timayunitsi. Mabuku a kuchipatala a banja lonse akhale malo amodzi odziwika, pamodzi ndi tochi, chitenje choyera ndi mapaketi awiri a Thanzi. Pakhale kandalama ka ulendo kosakhudzidwa, ngakhale ndiwo zisowe. Magulu a banki m'khonde ambiri ali ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo thumba limeneli lisamangotsekulidwa pogula bokosi. Mudzi umene umatha kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro ungathenso kusonkha mafuta a njinga yamoto munthu adakali moyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wodwala sanyamulidwa ndi munthu mmodzi: wina agwire wodwala, wina aimbe foni, wina atsale ndi ana.

Ana nawonso aphunzitsidwe. Timawauza kuti asamalankhule akulu akamalankhula, asamadzutse akulu akagona, asamapite kwa eni usiku. Tiwauzenso kuti pali nthawi imene malamulo onsewa amagwa. Mwana wa zaka 8 akhoza kudziwa kuti mng'ono wake akagwera m'chitsime iye asalumphiremo koma akuwe, kuti amayi akagwa osayankha athamangire khomo lakutilakuti, kuti akathyola kapena kumwa chinthu anene msanga ndipo sadzamenyedwa. Ana ambiri amabisa kuti galu wawaluma kapena amwa mankhwala chifukwa choopa chikwapu. Chetechete sautsa nyama. Ndipo mwana wa mnansi akagogoda pakhomo panu usiku, dzukani, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mawu anga otsiriza apite kwa anzanga eni mbumba, amalume, ankhoswe, apongozi ndi abambo amene muli kutali ndi kwanu pofuna ndalama. Chilolezo chimene amayi ndi ana amachidikira usiku chili m'kamwa mwathu, ndipo tikhoza kuchipereka lero, kunja kukuwala, wina asanadwale. Itanani a pabanja panu, kapena imbani foni ngati muli ku Joni, muwauze momveka onse akumva: mwana akadwala, mayi akataya magazi, wina akapsa kapena akagwa, nyamukani osandidikira, ndalama ya ulendo ili pakutipakuti, mudzandiuza muli panjira, ndipo zikakavuta palibe adzakufunseni kuti adakutumani ndani. Mafumu nawo anene zomwezi pa msonkhano wa mudzi, kuti mkamwini ndi mtengwa amve ndi makutu awo. Chitani zimenezi sabata ino.